Galimoto ya Mimba Yosongoka

"Ndiye mukunyadira, Ababa?"

"Ndilekerenji? Mimba ya galimotoyi taisongola ngati khasu la pulawo. Bomba likaphulika pansi, moto umagawikana uku ndi uku. M'matayala timathiramo madzi. Dzulo poyesa, tayala linauluka mpaka mumtengo, koma m'kati ngakhale kapu sinasweke."

Ndinaika botolo lawo la tiyi pansi mwaukali. Kuseri kwa waya wa fakitale kunaima chigalimoto cha asilikali a Rhodesia, chachitali ngati nkhokwe, chitsulo chake chikufukabe utsi pomwe Ababa amawotcherera.

"Gwinyai ali kutchire, akudyedwa ndi nsabwe, akukumba msewu ndi manja kuti akwirire mabombawo. Inu muli pano kuwapangira azungu chigoba choti akamusakire! Ndidzakwatiwa ndi mtembo ine?"

"Iwe Chenai, mayeso walemba dzana lomweli, lero wasanduka mkulu wa nkhondo? Kachibwenzi kakoko kakudziwa amene amayendetsa magalimotowa? Ndi mlongo wako Tonderai. Azungu amakhala kumbuyo, iye kutsogolo, pamwamba pa tayala penipeni."

Ndinkadziwa. Yunifolomu ya Tonderai ndinachapa ndine Lamulungu. Koma m'thumba mwanga munali kalata ya Gwinyai, itafewa ngati nsalu chifukwa choiwerenga mobwerezabwereza.

Ababa anakweza magalasi awo owotcherera n'kundiyang'ana.

"Sabata yonse ukungondizungulira ngati ntchentche. Tiyi uyu sunayambe wandibweretserapo. Nena chimene wadzera."

Ndinawayandikira n'kunong'ona.

"Msoko umodzi wokha, Ababa. Wapansi pa mimba ya galimotoyi. Muusiye osawotcherera."