Galimoto Yomwa Oyilo Itazima

Gideoni anasolola kachitsulo koyezera oyilo, nakapukuta, nakabwezera, nakasololanso. Oyilo anali atatsikanso kupitirira mzere wapansi, chonsecho galimoto inali isanatuluke pampanda chithirireni dzulo.

Kanali kagalimoto kakale kaja kooneka ngati kamba, injini kumbuyo. Sikathiridwa madzi ayi, kamazizira ndi mphepo ndi oyilo basi. Oyilo akachepa panjira yotentha, injini imangouma gwa, ulendo n'kuthera pomwepo. Ndipo amene anadutsako ku Tete mwezi wa Okutobala akudziwa kuti kumeneko mbuzi imabisala mumthunzi wa mbuzi inzake.

Ulendowo unali wa bambo ake, a Pensulo. Iwowa anachoka ku Dedza ali mnyamata, atauza mkazi amene anali atangomukwatira kuti akukagwira ntchito pang'ono, agule njinga, abwere. Mgodi unawameza. Anakwatiranso ku Bindura, tauni ya migodi ya m'dziko la eni kuseri kwa Mozambiki, anabereka Gideoni, mkazi wachiwiriyo anamuika m'manda a komweko, iwo n'kutsala ndi chifuwa cha fumbi la pansi komanso sipanala imodzi ya kumgodi imene sinkachoka m'thumba la jekete. Khirisimasi iliyonse nyimbo inali yomweyo: "Nkhondo ya ku Mozambiki ikangotha, ine ndapita kwathu."

Tsono nkhondo inatha. Msewu wodzera ku Tete utatseguka, kunabwera munthu wa kwawo amene anawayang'ana ngati waona mzukwa. "Inutu kumudzi anakulirani kalekale. Anameta ndithu, mowa wa maliro anu tinamwa."

A Pensulo anangomuperekeza mlendoyo kuchipata. Amene sanagone nazo ndi Gideoni. Anagula kagalimotoko, anapempha tchuthi kuntchito, nalonjeza pamaso pa mpingo wonse kuti bambo ake akaponda kwawo ndi mapazi awo chifuwacho chisanawamalize.

Koma oyilo! Woyamba anatsika. Kenias, makaniko wa pansi pa mtengo wa ku Chipadze, dera lawo la mu Bindura momwemo, anati anali wamadzimadzi. "Injini zakalezi ndi nkhalamba, mukoma, zimafuna phala lolimba." Anathira wolimbirapo, wa nambala 40, anatsika. Dzulo anathira wa 50, wokhuthala ngati uchi. Gideoni anayala katoni kunsi kwa injini. Lero katoniyo inali youma, yopanda ngakhale dontho.

"Ndiye akupita kuti?" anafunsa Gideoni, akumuonetsa Kenias kachitsulo kaja.

Kenias anakanda m'mutu. "Ikumwa mkati."

"Ikumwa itazima? Utsi uli kuti? Iwe, usandiyese mwana."

Apa maganizo amene ankawakankha sabata yonse anamufika pakamwa. Bawuti yotsitsira oyilo kunsi kwa injini inali yowala, yooneka kuti imamasulidwa kawirikawiri. Ndipo ndani sadziwa kuti kuseri kwa bhawa, komwera mowa kuja, kumagulitsidwa oyilo wa m'mabotolo?

Anatembenukira bambo ake amene anakhala pampando pafupi ndi khomo. Iwo ndiwo ankatsala pakhomo tsiku lonse, kulondera galimoto ndi kukhomakhoma khola lawo latsopano la nkhunda kuseri kwa nyumba, ati kuti manja asaume.

"Baba, ameneyu sabwera masana ine ndili kuntchito?"

A Pensulo anatsokomola nthawi yaitali. "Kaya. Maso akalamba awa. Nthawi zina ndimasinza."

"Aiwa, sekuru! Ayi ndithu, agogo!" Kenias anaponya chiguduli pansi. "Ine wakuba? Ine amene ndagona kunsi kwa chikamba ichi mpaka msana kuphwanya? Mukoma, funani makaniko wina wopemphera ngati inu. Koma ndikuuzeni chimodzi: mdalayu musalowe naye ku Tete ndi injini iyi. Mukamuyanika pamsewu ngati nsomba."

Anatola zitsulo zake natuluka, chitseko cha mpanda chikulira kumbuyo kwake.

Gideoni anakhala pansi, msana atautsamiritsa kutayala. Wakuba wamuthamangitsa, inde, koma mawu aja anamulowa. Nanga ngati injiniyo ikumwadi mkati? Anaona m'maganizo msewu wopanda mthunzi, galimoto itafa, bambo ake akulephera kupuma pampando wakumbuyo. Tchuthi chinali chitayandikira, makaniko wina wodziwa injini zoterezi kunalibe, ndipo mvula ikangoyamba chifuwa chija chimakula. Chaka chamawa adzakhala alipo?

"Baba," anatero, "ndakulepherani. Chaka chino sizitheka."

"Usadzizunze, mwana wanga. Chaka chamawa chilipo." A Pensulo anadzuka pang'onopang'ono, nazungulira kuseri kwa nkhunda zawo.

Kufatsa kwawoko ndiko kunamupweteka koposa. Munthu wodikira moyo wake wonse, osadandaula n'komwe! Gideoni anapukuta maso ndi mkono, nawatsatira kuti akasambe m'manja pampopi wa kuseri. Powerama anagwira mzati wa khola, dzanja n'kuterereka.

Analiyang'ana dzanjalo. Anthu amapaka mizati oyilo wakuda, wotha ntchito, poopa chiswe. Koma uyu sanali wakuda. Anali woyera mbee, wokhuthala ngati uchi, ndipo mizati yonse inali kunyezimira. Patsinde pa khola panali chitini chodzaza theka, sipanala ya kumgodi ija itagona pambali pake.

"Munthu amene anamumetera kale maliro sabwerera kumudzi, mwana wanga," anatero a Pensulo osatembenuka, akuviika chiguduli m'chitinimo. "Koma wa 50yu Kenias ndiye wasankha bwino. Chiswe sichiyandikira n'komwe."