Kamtengo ka Manja Awiri

"Kuno si kwa apongozi ako, iwe," adakalipa a Obed, mphunzitsi wa kalabu yothamanga ya achinyamata ku Kandeu.

Dailes, yemwe adangolowa kumene m'kalabuyo, adali atawasiya anzake onse kumbuyo pa mpikisano wothamanga molandizana kamtengo. Koma pofika popatsirana kamtengo adaima, napinda mawondo, n'kukapereka ndi manja awiri kwa Veronica wa m'timu yake, poti adali wamkulu kwa iye.

"Watiluzitsa ndi chimidzi chakocho," adalusa Veronica.

Sabata yonse a Obed adamukhaulitsa Dailes: dzanja limodzi, osaima, osayang'ana munthu kumaso. Dailes ankangokukuta mano.

Loweruka poweruka, a Obed adati, "Bweretsa kamtengoko."

Dailes adawapatsa ndi dzanja limodzi, akuthamanga, osawayang'ana n'komwe.

"Mwana wopanda mwambo," adang'ung'udza a Obed. "Adakulera ndani kwanuko?"