Mabotolo Oiwalika

"Ingotayani, mayi, afa awa," anatero abwana, akuloza mabotolo a mu labotale.

Mayiyo anali wofufuza za mankhwala. Kwa zaka zambiri ankalera m'mabotolomo maselo a chitsamba chotulutsa mankhwala a khansa. Maselowo ankakula bwino, koma mankhwala osapanga. Mwamuna wake atagonekedwa m'chipatala ndi khansa yomweyo, iye anaiwala zodyetsa maselowo kwa mwezi wathunthu, mpaka anafiira ndi njala.

Asanataye, anayeza botolo limodzi mwachizolowezi chabe. Mankhwala anali ambirimbiri. Njala ija ndiyo inakakamiza maselowo kuwapanga.

"Mwatichotsa manyazi," abwana anatero, kumaso kuli mwee. "Munachita chiyani mwezi wonsewu?"

"Ndinkadwazika bambo a kunyumba," anayankha motsitsa mawu. "Tawaika m'manda Lachiwiri."