Febian Anabweleka Mkazi Kuti Apeze Nyumba

Panali munthu wina wa kwa Mwape, m'dela la Nyimba, dzina lake Febian Daka. Nkhani yake ndinaimva kwa amai ena achikulile amene ankamudziwa bwino mkazi wake. Zinachitika nthawi ya Chitaganya, pamene anthu ankakhamukila ku Lusaka ngati kwafa njovu.

Febian anapeza nchito yomanga, koma pogona panali povuta. Ankagona amuna asanu m'chipinda chimodzi. Mkazi wake Keziah anatsala kumudzi ali ndi pakati. Masiku amenewo nyumba ya m'komboni sankangopatsa aliyense. Munthu ankafika ku ofesi ndi kalata ya ukwati, mkazi ali pambali pake kuti adinde chala m'buku. Kalatayo Febian anali nayo. Mkazi ndiye anali kutali, ndipo nyumba zatsopano zinali kutha.

Pamsika panali mkazi wina wogulitsa vitumbuwa, dzina lake Doris. Analibe mapepala okhalila m'tauni, ndipo apolisi akagwila akazi otelo ankawabweza kumudzi.

"Imwe aDaka, mudzakalamba ndi nsikidzi m'chipinda chija," anatelo Doris. "Mzungu wa ku ofesi amudziwa Keziah wanu? Bwelekani ine. Ndidinda chala, mutenge kiyi, basi. Ine ndifuna pobisala chabe masiku ochepa."

Febian anakafotokozela aMumba, mkulu wa ku Sasare amene anamupezela nchito.

"Mwana wanga, timabweleka khasu, sitibweleka mkazi," anatelo aMumba. "Dikila Keziah achile, abwele yekha."

Febian anaseka. "Bambo, kuno ni ku tauni. Ndikadikila ndidzapeza nyumba zonse zili ndi makatani."

Anapita ku ofesi. Doris anavala duku, nagwada ngati mkazi wakumudzi, nadinda chala pa dzina la Keziah Daka. Kiyi inatuluka tsiku lomwelo. Doris anati akhala sabata imodzi. Sabata inasanduka mwezi, mwezi unabala inzake. Ankaphika, ankachapa, ndipo Febian analeka kufunsa za tsiku lochoka.

Atatha kukolola, Keziah anakwela basi osatumiza mawu, khanda kumbuyo. Anafunsila mpaka anaipeza nyumba. Pakhomo panali Doris.

"Mufuna ndani, amai?"

"Amuna anga, aDaka."

"Ali ku nchito. Amai a nyumba ino ndine." Chitseko phwa!

Keziah anaima padzuwa. Mkazi wa nyumba yoyandikana, mai wachibemba, anatuluka ndi kampando ndi madzi m'kapu. Chinenelo sankamvana bwino. Anangomasula khanda lija kumbuyo kwa mlendo, nalinyamula kuti mai apumule.

Febian atawelukako anamutengela mkazi wake kuseli. "Ni za mapepala chabe, amake mwana. Gona m'khichini lelo, mailo ndikonza zonse."

Keziah anamvela.

Kutacha, apolisi a m'komboni anafika ndi buku lawo, akuyendela nyumba ndi nyumba.

"Muno mwalembedwa anthu awili. Keziah Daka ndani?"

"Ndine," anayankha akazi onse awili.

Wapolisi anacheukila Febian. "Bambo, mkazi wanu ni uti? Ganizani bwino. Ngati munanama ku ofesi, nyumba ipita lelo, ndipo nchito itsatila."

Anthu anali atadzaza kale pakhomo. Febian anayang'ana pansi, kenaka analoza Doris.

"Nanga uyu wa mwana?"

"Ni mlongo wanga. Wabwela kudzacheza."

Wapolisi anati mlendoyo akatenge kalata ya masabata awili ku ofesi. Keziah anayankha motsitsa, "Musavutike bambo, ndibwelela lelo lomwe." Anabeleka mwana wake, nagwada pamaso pa Febian monga anaphunzitsidwila kwawo. "Tsalani bwino, alongo anga."

Mai wachibemba uja ndiye anamupelekeza kokwelela basi, atamumangila mbatata zophika m'kansalu. Febian anapita ku nchito. Mumtima ankati mkwiyo wa mkazi sukhalitsa.

Pa Khisimasi anapita kwa Mwape ndi bulangeti latsopano ndi delesi. Amalume a Keziah anamulandila bwino, anamuyalila mphasa, mpaka anamuphela nkhuku. Atatha kudya ndi pamene anayamba.

"Tinamva kuti ndinu mlongo wake wa Keziah. Tathokoza kuti mwabwela kudzationa."

"Malume, ndinangonena kuti ndipulumutse nyumba."

"Munanena pamaso pa anthu, mwana wanu akumva. Kwathu kuno munthu sakwatila mlongo wake."

"Koma nyumbayo ndinaipezela iye!"

"Ndiye mwaipulumutsa. Kakhalenimo."

Keziah sanatuluke m'nyumba. Ukwati unathela ku khoti la mfumu, ndipo mwana anatsala kwa amake, monga mwa mwambo wa kumeneko. Febian anabwelela ku Lusaka ndi bulangeti lake. Sakanatha kumuchotsa Doris, pakuti kumuchotsa kunali kudziulula yekha. Akuti anakhala naye zaka zambili, osakondana, aliyense akuopa mnzake.

Phunzilo: Abale anga, m'tauni malo ni ochepa, lelo kuposa kale, ndipo nthawi zonse pamapezeka wina wokuuzani kuti "aliyense amachita choncho." Musalembetse bodza chifukwa cha nyumba, nchito kapena puloti, pakuti tsiku lina mudzafunsidwa kusankha pakati pa bodzalo ndi munthu wanu, anthu akuonelela. Nyumba ina imamangidwa, koma munthu amene mwamukana ndi pakamwa panu sabwelela. Tumizilani ena nkhaniyi, makamaka ana athu amene angofika kumene m'tauni.