Simbi pa Soketi ya Rauta

Laputopu ya namwino wina inakana kulowa pa intaneti nthawi ya mayeso a ntchito itatsala pang'ono kukwana, mabwana a chipatala chakutali akudikira kumuona pa vidiyo.

Namwinoyo anaizimitsa n'kuiyatsanso. Anainyamula mpaka pakhomo la chipinda, koma ayi ndithu. Dzina la rauta, kabokosi kobweretsa intaneti m'nyumbamo, silinkaoneka n'komwe, ankangoona maina a marauta a nyumba zoyandikana.

"Ambuye, ndigwireni pakamwa," ananong'ona, pakuti mtima unali utaloza kale munthu. Apongozi ake sanatsutsepo za ntchito yosamutsa banjayi. Ankangokumbatira adzukulu nthawi yaitali.

Pabalaza anapeza rauta itazima timagetsi tonse, pulagi yake ili pansi. M'soketi munali chingwe cha simbi. Apongoziwo anali atawerama patebulo, akusita bulauzi yoyera ya namwinoyo.

"Amayi, mwazula rauta."

"Kabokosi kophethiraphethirako? Nanga mumafuna mabwana akuoneni ngati mwagona m'thumba?"

Namwino anagwada pasoketipo, pulagi ili m'manja. Za bulauziyo iye anali ataiwaliratu, ndipo m'nyumba monsemo panalibe wina amene anazikumbukira. Komabe soketi ina, ya pafupi ndi zenera, inali yopanda kanthu.

"Amayi, ntchito ya kabokosika mumaidziwa?"

Iwo anatembenuza kolala, n'kuiwaza madzi ndi zala. Sanadzutse maso.

"Watsala mkono umodzi, mwanangu," anatero motsitsa mawu. "Ngati mwafulumira, zulani."