Mapazi Pakati pa Nyimbo

Kutangoda, Namabiti, mtsikana wopanga nyimbo za tekino, anapita kukalabu ya mlamu wake kukayesa nyimbo yatsopano pa masipika akuluakulu. Tsikulo kalabu inali yotseka.

"Kayeseni, koma musakadule ng'oma pakati pa nyimbo," anatero mlamuyo pomupatsa makiyi. "Muholo mukakhala mopanda anthu sititero."

"Alamu, tekino yopanda popumira ndi chigayo. Musandiphunzitse ntchito."

Anadzitsekera yekha m'katimo n'kukweza voliyumu. Ng'oma inagunda, di! di! di! mpaka mabotolo kumanjenjemera pashelefu. Pofika pakati anaidula monga anakonzera, kuti patsale kamluzu kokha.

Koma kugunda sikunaleke. Kunkachokera pabwalo lovinira: mapazi opanda nsapato, ambirimbiri, akuponda pamodzi mosaphonya. Anaunika ndi tochi ya foni. Panali simenti yokhayokha.

"Ohoo, mwalowa ulere eti?" anakuwa Namabiti. "Tione ngati mulimbe!"

Anabwezera ng'oma, n'kuwonjezera liwiro mpaka poti munthu wamoyo sangavine. Mapazi aja anatsatira. Anawonjezeranso. Anatsatirabe, ndipo tsopano ankakwera masitepe opita pomwe iye anaima.

Namabiti sanathawe. Anazula chingwe chamagetsi pakhoma, masipika onse n'kuzima.

"Nyimboyi ndi yanga, ndipo ndati yatha!"

Holo yonse inangoti zii. Kenako china chake chinatukula hedifoni yomvetsera nyimbo imene anavala, kukhutu lakumanzere, pang'onopang'ono, mwaulemu ndithu. Mpweya wozizira unamunong'oneza:

"Ifetu sitinatope, achemwali. Bwezerani ng'oma."