Ennlin Kumanzere kwa Ambuye

Bambo Veit, amene ankadzitcha mmisiri woposa onse mumzinda wa Ulm, anamatula pepala loyamba pathabwa losemedwa lopaka inki. Chinali chithunzi cha Chiweruzo Chomaliza.

"Walburga, tabwera udzaone! Mwana wathu ndamusema kudzanja lamanja la Ambuye, kwa opulumuka."

Mkazi wake anapukuta manja, n'kuyang'anitsitsa kankhope ka mwana wawo Ennlin, amene mliri unamutenga Pasaka isanafike.

"Akatswiri inu, kumanja kwake ndi kumeneku?"

Veit anayang'ana thabwa, kenako pepala. Kwa zaka makumi atatu anakhala akulalatira amisiri anzake kuti chosema chimatembenuka pochidinda papepala, koma ulendo uno anaiwala yekha. Ennlin anali kumanzere, kumene amaima otayika.

"Ndisema lina," anatero chapansipansi.

"Lija munasema mwezi wathunthu. Ndiye mwanayu azidikira kumeneko?"